Penti wamadzi ndi akatswiri ake: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Mafunso ali m'munsimu amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa ana asukulu, aphunzitsi a zaluso, ndi ena amene angoona chithunzi pa intaneti n'kudabwa kuti chinapangidwa bwanji. Tayamba ndi apafupi. Mawu oti "kujambula" pano akutanthauza kujambula pamanja, osati ndi kamera.

Kodi penti wamadzi ndi yemwe uja wa kuhadiweya wopaka khoma?

Ayi, angofanana dzina. Wa kuhadiweya uja akauma wauma, ngakhale mumuthire madzi sasungunukanso. Amene tikunena pano, amene m'Chingerezi amati watercolour, ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi utomoni wa mtengo wina wa m'banja la mthethe, ndipo utomoni wambiri woterewu umachokera ku Sudan. Ena amathiramo uchi pang'ono kuti penti asaume gwa. Amagulitsidwa m'timachubu kapena m'tizibenthu touma tokhala ngati maswiti, ndipo mukakhudzitsapo burashi yonyowa amadzuka ngakhale patapita zaka.

Khalidwe lake lalikulu ndi loti amaonekera mkati ngati tiyi wopanda mkaka. Kuwala kumadutsa m'pentimo, kukagunda pepala n'kubwerera m'maso mwanu. Choncho mtambo woyera, thovu la pamafunde, khoma la laimu, zonsezi nthawi zambiri si penti ayi, ndi pepala limene wojambula analisiya osalikhudza. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa mayankho ambiri m'munsimu akubwerera pa iyo.

Bwanji akatswiri amati ndi wovuta pomwe ana ndiye amayambira pomwepo?

Kuyamba n'kosavuta, kukonza cholakwa ndiye nkhani. Wojambula ndi penti wamafuta akalakwitsa amadikira kuti paume n'kupakapo wina pamwamba. Wa penti wamadzi amayambira ku mitundu yowala kupita ku yakuda, ndipo akadetsa malo amene anayenera kukhala oyera, kuyera kuja sikubwerera konse. Komanso madzi ali ndi maganizo awoawo. Mukapaka papepala lonyowa penti amafalikira yekha, m'mphepete mwake n'kukhala mofewa ngati nkhungu. Mukapaka pouma amaima pamene mwamusiya, ndi malire akuthwa. Mukatenga burashi yofinyidwa kwambiri n'kuikhwekhwereza, penti amangogwira pamwamba pa timabampu ta pepala n'kusiya timadontho toyera, ngati dzuwa likunyezimira panyanja. Kusiyana kwa akatswiri amene titchule kwagona pa kuchuluka kwa ufulu umene aliyense ankawapatsa madziwo.

Anayambitsa luso limeneli ndani?

Palibe munthu mmodzi. Aiguputo akale ankapaka utoto wosungunula m'madzi pagumbwa, ku China anthu akhala akujambula ndi inki ndi madzi kwa zaka zoposa 1,000, ndipo ku Ulaya amonke ankakongoletsa nawo mabuku olembedwa pamanja.

Koma mukafuna dzina loyambirira lotchuka ku Ulaya, ndi Albrecht Dürer wa ku Nuremberg (1471–1528). Mu 1502 anajambula kalulu atakhala phee, makutu ali njo. Anayamba ndi kupaka bulawuni wopyapyala thupi lonse, kenako n'kumaika ubweya umodziumodzi ndi kaburashi kosongoka, wina wakuda wina wowala, kutsatira mmene ubweya umagonera pamsana ndi pamiyendo. M'diso la kaluluyo mukuoneka kachithunzi ka zenera. Chaka chotsatira anajambula chiputu cha udzu wamba, wofanana ndi umene timaulambalala panjira, udzu uliwonse ndi maonekedwe ake. Zonse ziwiri zili ku Albertina, mumzinda wa Vienna.

N'chifukwa chiyani dziko la England limatchulidwa kwambiri pankhaniyi?

Zinthu zingapo zinakumana nthawi imodzi. M'zaka za m'ma 1750 James Whatman wa ku Kent anayamba kupanga pepala losalala lopanda mizere ya chikombole chopangira, lolimba moti munthu ankatha kulinyowetsa, kulipukuta ndi kulipala osang'ambika. Cha m'ma 1780 William Reeves anayamba kugulitsa penti woumba kale m'tizibenthu, moti wojambula sankafunikanso kusinja yekha ufa. Kampani ya Winsor & Newton inayamba mu 1832 n'kubweretsa penti wofewa wa m'tizibokosi. Zida zonse zinayamba kukwana m'thumba la jekete.

Analiponso ofuna zithunzizo. Asilikali ankafuna anthu ojambula malo, ndipo Paul Sandby, amene ena amamutcha tate wa lusoli ku England, anayamba ntchito yake pojambula mapu a ku Scotland. Olemera oyenda maulendo a ku Italy ankafuna zikumbutso. Mu 1804 ojambula ndi penti wamadzi anayambitsa bungwe lawolawo ku London, atatopa ndi kuona zithunzi zawo zikupachikidwa m'makona amdima pa zionetsero za bungwe lalikulu la ojambula la Royal Academy.

Pa m'badwo umenewo, musamudumphe Thomas Girtin. Iye asanabwere, ambiri ankajambula mizere, kuika mithunzi yotuwa, kenako n'kupakapo mtundu pang'ono ngati kudzoza mafuta. Girtin anayamba kumanga chithunzi ndi mitundu yeniyeniyo, yofalikira mokulira. Chithunzi chake cha mu 1800 cha mtsinje wa Thames madzulo chili ndi kanyumba kamodzi kowala pakati pa mdima, ndipo kanyumbako ndi pepala losapakidwa. Anamwalira mu 1802 ali ndi zaka 27.

Turner anachita chiyani chimene ena sanachite?

J. M. W. Turner (1775–1851) anabadwa chaka chimodzi ndi Girtin, ndipo ali anyamata ankagwira limodzi ntchito madzulo kunyumba kwa Dr Thomas Monro, kukopera zithunzi za ena. Anali mwana wa munthu wometa tsitsi, ndipo zithunzi zake zoyamba bambo ake ankazipachika m'shopu.

Turner sankaliopa pepala. Ankalinyika lonse m'madzi, kuthirapo mtundu, kuupukuta ndi kansalu kapena siponji, kupala ndi mpeni ngakhalenso ndi chikhadabo kuti kuyera kutulukenso. Akamaliza chipwirikiti chimenecho ankatenga kaburashi kakang'ono n'kumadontheza timadontho tosawerengeka mpaka phiri litaoneka ngati likutuluka mu nkhungu. Pokalamba, zinthu m'zithunzi zake zinkasungunuka: bwato, mzinda wa Venice, mapiri a ku Switzerland, zonse zinasanduka kuwala ndi mpweya. Chithunzi chake cha mu 1842 cha phiri la Rigi mbandakucha, chotchedwa The Blue Rigi, ndiye poyambira pabwino kwa munthu amene sanamuonepo.

Atamwalira, dziko lake linalandira zojambula zake za papepala pafupifupi 30,000, ndipo zambiri zikusungidwa ku Tate Britain. Zina mwa izo ndi mapepala ongopakidwa mitundu iwiri kapena itatu, amene iye ankayesererapo chabe. Kunena zoona, ambiri lero amakonda zimenezi kuposa zomalizidwa.

Nanga ku America?

Awiri ndiwo amatchulidwa limodzi, ngakhale kuti ndi osiyana ngati mlimi ndi munthu wa m'tauni. Winslow Homer (1836–1910) anadziwika koyamba ngati wojambulira magazini ya Harper's Weekly pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Penti wamadzi anamugwira mwamphamvu mu 1873. Kuyambira 1881 anakhala pafupifupi zaka ziwiri m'mudzi wa asodzi wa Cullercoats ku England, akujambula amayi onyamula madengu a nsomba pagombe, ndipo kuchokera pamenepo anthu ake anakhala olemera thupi, oima nji polimbana ndi mphepo. Atapita ku Bahamas, mitundu yake inayera, ndipo matanga a ngalawa ndi makoma a nyumba ankangowasiya pepala. Munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi sangavutike kumumva Homer.

John Singer Sargent (1856–1925) anali wotchuka pojambula nkhope za anthu olemera ndi penti wamafuta mpaka ntchitoyo inamukwana. Penti wamadzi anali tchuthi chake: ku Venice atakhala m'bwato, m'mapiri a Alps, kapena akujambula anzake atagona pa udzu. Dzanja lake linali lachangu, mithunzi yake ya buluu ndi pepo. Ankakhwekhwereza phula longa la kandulo papepala asanapake, kuti penti akadutsa pamenepo asagwire. Mu 1909 Brooklyn Museum inagula zithunzi zake 83 kamodzi.

Kodi wojambula zithunzi zopachika ndi wojambula za m'mabuku amasiyana pati?

Amasiyana pa amene akumutumikira. Wa m'mabuku ali ndi nkhani yoti aiperekeze ndi makina osindikizira oti awasangalatse. Chithunzi chake chiyenera kupirira kuchepetsedwa, kusiya malo a mawu, ndipo mwana amene wajambulidwa patsamba 3 akhale yemweyo patsamba 20. N'chifukwa chake ambiri a iwo amayamba ndi mzere wa inki kapena pensulo, penti n'kubwera pambuyo. Koma mpandawo ndi waufupi. Homer, monga tanenera, anaudumpha.

Ndani otchuka pa zithunzi za m'mabuku a ana?

Beatrix Potter (1866–1943) ndiye woyamba kumutchula. Kabuku kake ka kalulu wotchedwa Peter kanatuluka mu 1902 ku kampani ya Frederick Warne, atayamba wakasindikiza yekha mu 1901. Nyama zake zimavala majekete, koma mafupa ake ndi a nyama zenizeni, chifukwa ankaziweta ndi kuziphunzira kuyambira ali mwana. Chimene ambiri sadziwa n'choti asanayambe za akalulu anajambula bowa wa mitundu yambirimbiri mosamala kwambiri, ndipo mu 1897 pepala lake la kafukufuku wa bowa linaperekedwa ku bungwe la akatswiri a zachilengedwe la Linnean Society, kumene iye monga mkazi sanakakhalepo.

Arthur Rackham (1867–1939) ndi wa mdima. Mitengo yake ili ndi nkhope ndi zala, mizere yake ya inki ndi yopiringizika, ndipo pamwamba pake ankapaka bulawuni ndi zotuwa zopyapyala kambirimbiri mpaka chithunzi chioneke ngati cha m'maloto. Edmund Dulac, wobadwira ku Toulouse, ankadalira mtundu kuposa mzere, makamaka buluu wa usiku. Onse awiri anapindula ndi njira yatsopano yosindikizira ya mitundu itatu, imene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 inachititsa kuti penti wamadzi azituluka m'buku mofanana ndi mmene wojambula anamupakira.

Quentin Blake, wobadwa mu 1932, amene anajambulira mabuku ambiri a Roald Dahl, ali kumapeto enawo. Mizere yake imaoneka ngati yolembedwa munthu akuthamangira basi, ndipo penti amatuluka kunja kwa mizere dala. Musanamizike. Amayamba wakonza chithunzi chongoyerekeza, n'kuchiika pa bokosi lowala, n'kujambula chenichenicho pamwamba pake ndi inki yosasungunuka m'madzi, ndipo chikapanda kumukhutiritsa amayambiranso.

Jerry Pinkney (1939–2021) wa ku Philadelphia ankasiya mizere ya pensulo ikuonekera pansi pa penti, n'kusanjikiza mitundu yofunda. Anadzipereka kujambula anthu akuda mwaulemu m'mabuku a ana pa nthawi imene anali osowa m'mabukumo. Mu 2010 analandira mendulo ya Caldecott, mphoto ya ku America ya ojambula mabuku a ana, chifukwa cha buku la nthano ya mkango ndi mbewa, lopanda mawu ofotokoza nkhani, limene anaika m'chigwa cha Serengeti.

Bwanji mabuku akale a mbalame ndi maluwa ali ndi zithunzi za penti wamadzi?

Kamera isanabwere, ndiponso kwa nthawi yaitali itabwera yopanda mitundu, iyi inali njira yachangu yosungira mtundu wa duwa lisanafote. Maria Sibylla Merian ananyamuka ku Amsterdam mu 1699 ali ndi zaka 52, limodzi ndi mwana wake wamkazi, kupita ku Suriname. Buku lake la mu 1705 limaonetsa dzira, mbozi, chikwa ndi gulugufe pa chomera chimene mboziyo imadya, masamba ali obooka ndi mano ake. Nzeru zambiri za zomerazo anazimva kwa akapolo ndi eni dziko.

John James Audubon anajambula mbalame za ku America pa msinkhu wake weniweni, n'chifukwa chake masamba a buku lake, lotuluka pakati pa 1827 ndi 1838 ndi zithunzi 435, ndi aatali pafupifupi mita imodzi. Mbalamezo zimaoneka zamoyo, koma ankayamba waziwombera n'kuziimika ndi mawaya. Analinso ndi akapolo, ndipo lero dzina lake likukanganitsa anthu m'mabungwe oteteza mbalame ku America.

Kodi ndi luso la Azungu okha?

Ayi ndithu. Qi Baishi wa ku China (1864–1957) anayamba ngati kalipentala. Ndi burashi imodzi yokhala ndi inki yambiri kunsonga ndi madzi ambiri kutsinde ankatha kujambula nkhanu, anapiye ndi tizilombo ta m'madzi toonekera mkati ndi mikwingwirima yowerengeka. Madzi amene tizilomboto tikusambiramo sankawajambula n'komwe, pepala loyera ndilo madziwo. Pepala la ku China limamwa inki nthawi yomweyo, choncho zopukuta ndi zopala za Turner kumeneko sizitheka.

Ku India, Abanindranath Tagore, ataona mmene ojambula a ku Japan ankagwirira ntchito, anayamba kupaka chithunzi n'kuchiviika m'madzi, kupakanso n'kuviikanso, mpaka mitundu italowerera ngati utsi. Ku Japan, Chihiro Iwasaki (1918–1974) ankajambula ana ndi penti wofalikira, nthawi zina popanda mzere ndi umodzi womwe.

Nkhani yowawa ndi ya Albert Namatjira (1902–1959), wa mtundu wa Arrernte pakati pa Australia. Mu 1936 anaperekeza wojambula Rex Battarbee pa ulendo ngati woyang'anira ngamila, malipiro ake ena n'kukhala maphunziro a penti. Pofika 1938 anali ndi chionetsero chakechake ku Melbourne. Mapiri ake a MacDonnell ndi apepo ndi ofiira, ndipo mitengo ya bulugamu ya makungwa oyera imaima patsogolo ngati anthu. Mu 1957 boma linamupatsa ufulu wa nzika umene abale ake analibe, kuphatikizapo wogula mowa. Chaka chotsatira anamangidwa pa mlandu wopatsa mowa munthu wa mtundu wake. Ufulu wosindikiza zithunzi zake unagulitsidwa mu 1983 ndipo unabwerera ku banja lake mu 2017.

Nanga kuno kumwera kwa Africa?

Ku South Africa kuli Gerard Bhengu (1910–1990), wobadwira ku mishoni ya Centocow ku Natal. Dokotala wa pamishonipo, Max Kohler, anaona luso lake n'kumupatsa ntchito yojambula miyambo ya anthu a m'deralo. Amadziwika ndi nkhope za agogo ndi ana zojambulidwa ndi mtundu umodzi wokha wa bulawuni, makwinya onse ndi kuseka kwa m'maso zili pomwepo. George Pemba (1912–2001) wa ku Port Elizabeth nayenso anayambira pa penti wamadzi asanasamukire ku wamafuta. Kwa ojambula akuda a nthawi imeneyo, kutsika mtengo kwa pepala poyerekeza ndi chinsalu ndi penti wamafuta sikunali nkhani yaing'ono.

Pa mabuku a ana, Niki Daly wa ku Cape Town anali mmodzi mwa oyamba kuika mwana wakuda wa m'tauni pakati pa nkhani, m'zaka za m'ma 1980, tsankho lisanathe.

Kodi alipo wa nthawi ya Livingstone amene anajambula madera athu ano?

Alipo Thomas Baines (1820–1875) wa ku King's Lynn. Analembedwa ntchito mu 1858 pa ulendo wa David Livingstone wa mumtsinje wa Zambezi, monga wojambula komanso woyang'anira katundu. Anajambula Tete, mabwato, zomera ndi anthu a m'mbali mwa mtsinjewo. Ntchito yachiwiri ija ndiyo inamugwetsa: anamunena kuti wasowetsa katundu, ndipo mu 1859 anachotsedwa, iye akukana mlanduwo mpaka imfa yake. Chaka chomwecho Livingstone anafika ku nyanja ya Malawi popanda wojambula wake. Baines anakafika ku mathithi a Victoria mu 1862 pa ulendo wina ndi James Chapman. Zithunzi zake muzione ngati umboni wa maso a mlendo wa nthawi ya atsamunda, wosamala pa miyala ndi masamba kuposa pa maganizo a anthu amene ankawajambula.

Kodi penti wamadzi ndi wa mapiri ndi maluwa basi?

Ayi. Paul Cézanne pokalamba ankaika timagawo ta mtundu apa ndi apo n'kusiya pepala lalikulu loyera, maso a woonera n'kumamaliza okha. Paul Klee atapita ku Tunisia mu 1914 anayamba kuphwanya nyumba ndi mlengalenga kukhala timabokosi ta mitundu. Emil Nolde, ataletsedwa ndi boma la Nazi mu 1941 kugwira ntchito yake, anajambula tizithunzi tambirimbiri papepala lomwa madzi, ta mitundu yoyaka. Nkhani yake si ya ngwazi monga ankaifotokozera nkhondo itatha, popeza iye mwini anali wotsatira chipanicho.

Kugwiritsa ntchito penti woyera n'kubera?

Mkangano umenewu ndi wakale, makamaka kuyambira 1834 pamene Winsor & Newton anayamba kugulitsa woyera wotchedwa Chinese white. Penti wamadzi wosakaniza ndi woyera saonekeranso mkati, ndipo amatchedwa gouache. Ena amati woyera akhale wa pepala basi. Koma ubweya wowala wa kalulu wa Dürer ndi penti woyera, Turner ankamugwiritsa ntchito papepala la buluu, Sargent naye sankamuopa. Vuto lake n'lakuti akachuluka chithunzi chimafa, chimaoneka ngati chathiridwa choko.

Bwanji zithunzi zotchukazi sizipezeka pakhoma nthawi zonse?

Kuwala kumazidya. Penti ndi wopyapyala kwambiri, ndipo mitundu ina yakale yochokera ku zomera ndi tizilombo imasuluka msanga. Zithunzi zambiri zakale za ku England zimene lero zikuoneka zofiirira poyamba zinali ndi buluu ndi zobiriwira. Henry Vaughan, amene anasonkhanitsa zithunzi za Turner, anasiyira mzinda wa Edinburgh zithunzi 38 ndipo wa Dublin 31, ndi lamulo loti zizionetsedwa kwaulere mu Januwale mokha, mwezi umene dzuwa limakhala lofooka kumeneko. Lamulolo likutsatidwabe, ndipo mitundu yake idakali yowala.

Ngati muli nacho chanu, musachipachike moyang'anana ndi zenera kapena pakhoma limene limachita chinyezi nthawi ya dzinja. Pakati pa chithunzi ndi galasi pakhale kakatoni kuti zisakhudzane, ndipo muzichitsitsa nthawi ndi nthawi kuona ngati chiswe kapena mphemvu sizinalowe kumbuyo.

Zimagulidwa ndalama zingati?

Kawirikawiri zimatsika mtengo poyerekeza ndi za penti wamafuta za munthu yemweyo. Komabe The Blue Rigi ija inagulitsidwa pamsika wa Christie's mu 2006 pa mapaundi 5.8 miliyoni, ndipo chaka chotsatira anthu anasonkha ndalama kuti isatuluke m'dziko la Britain.

Ndikufuna kuyamba. Ndiyambe ndi kutsanzira ndani?

Osati Turner kapena Sargent. Changu chawo chinabwera patapita zaka zambiri za kujambula mosamala, ndipo woyamba kumene akawatsanzira amangopanga matope. Fufuzani John Sell Cotman (1782–1842) wa ku Norwich, makamaka chithunzi chake cha mlatho wa Greta. Iye ankagawa malo m'zigawo zochepa, chilichonse ndi mtundu umodzi wosalala, n'kudikira kuti chiume asanaike china. Mukhoza kuwerenga ndi maso chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Amene mtima wawo uli pa za m'mabuku aone Potter pa nyama ndi Pinkney pa anthu.

Ndalama zikachepa, gulani pepala labwino m'malo mwa penti wodula. Pepala la m'kope kapena la fotokope limakwinyika n'kutuwitsa mitundu. Lofunika ndi lochindikala, la magalamu 300 pa sikweya mita, ndipo la thonje ndiye labwino koposa. Mitundu itatu, wofiira, wachikasu ndi wa buluu, ndi burashi imodzi yozungulira yosongoka bwino n'zokwanira miyezi yoyamba. Madzi muike m'mabotolo awiri, lina lotsukira burashi, lina loyera losungunulira penti. Mu Okutobala pepala limauma musanamalize mzere, choncho jambulani m'mamawa kapena pamthunzi. Mu Febuluwale muzikhala ndi mapepala awiri, kuti pamene lina likuuma muzigwira linalo.